Ndevu Zisanu ndi Ziwiri za Namfedwa

Ntchito yanga yoyamba yooneka ngati ntchito inali yoika Chichewa m'kamwa mwa anthu oti Malawi sanamuonepo ngakhale pamapu. Tinali ndi kachipinda kopanda windo kuseri kwa mashopu a ku Limbe, chakumunsi kwa msika. Munali kompyuta imodzi, maikolofoni yomanga ndi selotepi, ndi fani imene tinkaizimitsa pojambula mawu chifukwa inkalira ngati chigayo. Ndinkalowamo m'mawa n'kutuluka dzuwa litapendeka, malaya atanyoweratu ndi thukuta. Ndinkaonera mafilimu a ku China, a ku India ndi a ku America n'kumayankhulira aliyense wotsegula pakamwa: mfumu, wapolisi, mtsikana wokongola, nkhalamba, ngakhale galu akauwa ndinkamupezera zonena. Zimbale zake zinkagulitsidwa m'misika, zina n'kumaonetsedwa m'tinyumba ta vidiyo ku Bangwe ndi ku Ndirande.

Musandifunse ngati ndimamva Chitchaina. Chingerezi changa chomwe chinali chotsimphina, cha Fomu 4 yongokhalamo. Ndinkangoyang'ana nkhope ya munthu, kuona ngati wakwiya kapena akufunsira, basi n'kumupekera mawu. Mkulu wa asilikali a ku China ndinkamudandaulitsa za kukwera mtengo kwa feteleza, ndipo anthu ankakondwa nazo kuposa zimene mwini wakeyo ankanenadi.

Mwini kachipindako anali bambo wamfupi wa kamimba, wobadwira ku Mozambique koma wokulira ku Limbe konko. Ndinkangowatchula kuti abwana. Anali ndi lamulo limodzi lokha, ndipo ankalibwereza tsiku ndi tsiku ngati pemphero la pachakudya: "Osasiya mpata, mphwanga. Pakangoti zii, kasitomala abweza chimbale, ati chafa." Choncho pamene mwini filimu ankafuna kuti pakhale bata, ine m'pamene ndinkatsegulira mpopi.

Mipata yaitali kwambiri inkapezeka m'mafilimu a anamfedwa, ndipo ndinaonera ochuluka moti ndinkadziyesa katswiri wa chisoni. Ndondomeko yake imakhala imodzi. Abwera achifwamba, apha mkazi, ana, makolo, nthawi zina ndi galu yemwe. Mwamuna watsala yekha. Kumanda kukupita anthu anayi okha, onse ndi maambulera akuda. Palibe kwaya, palibe adzukulu, palibe azakhali odzigwetsa, palibe amalume ofunsa kuti filiji atenga ndani. Akachoka kumandako, namfedwa uja amasiya kumeta. Amaima pawindo mvula ikugwa. Akamupatsa chakudya amachikankha. Akadziona pagalasi amaliswa ndi chibakera. Chitseko chikamenyetseka amadziponya pansi pa tebulo. Zikatha zimenezi amakwera phiri kukaphunzira karate. Ine ndinkaziseka, komabe pansi pa mtima ndinkakhulupirira kuti chisoni chenicheni, cha anthu ozama, chimaoneka chonchi, ndipo chathuchi n'chongokuwa.

Mwezi wina wa Novembala abwana anabweretsa filimu ya mtundu womwewo. Munthu wamkulu bwinobwino, banja lake lonse litathera m'moto, anakhala m'kanyumba ka udzu atangoti ndwii kuyang'ana khoma. Mpata wake unali woti munthu n'kupita kumsika n'kubwerako. Mwamwayi munalowa kankhalamba kena katanyamula mbale ya mpunga. Kanatsegula pakamwa kamodzi kokha, koma ine ndinakayankhulitsa mpaka kutuluka. Pakati pa zambirimbiri zimene kananena panali izi: "Iweee! Kulira n'kulira, koma kusamba kuliponso. Akufa apumula, koma m'khwapa mwakomo muli zamoyo!"

Abwana anaseka mpaka kukhosomola, n'kuwononga zimene tinajambulazo, tinachita kubwereza. Kenaka makina okopera zimbale anawonongeka, filimuyo n'kungokhala m'kompyuta kudikira. Ine ndinaiiwala.

Kutatsala masiku atatu kuti Khirisimasi ikwane, abambo, amayi ndi mzime wathu, mtsikana wa Fomu 2, anakwera minibasi mu Blantyre kupita kwathu ku Nsanje. Potsika mapiri aja opita ku Chikwawa mabuleki anakana. Onse atatu sanafike n'kuchipatala komwe. M'banja la anthu asanu tinatsala awiri: ine ndi achemwali anga aakulu, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa anthu ena olemera ku Namiwawa.

Maliro athu sanafanane ndi a mufilimu ngakhale pang'ono. Anthu anadzaza bwalo mpaka kumunda kwa aneba, dzuwa la ku Nsanje likuwotcha mpaka m'nsapato. Ine monga mwamuna wotsala ndinali pa liwiro: makalata a kupolisi, mabokosi, galimoto, nkhuni. Misozi ndinkaidikira koma sinabwere. Imene inabwera ndi njala, njala yoti sindinaimvepo chibadwire. Ndinkadya kuseri kwa nyumba ngati wakuba, kumaliza mbale n'kupempha ina. Choipitsitsa chinachitika kumanda. Mkulu wa mpingo wina wolimba makutu anayambitsa nyimbo yake kwaya ili pakati pa nyimbo ina, ndipo palibe anagonja, anangolimbana choncho mpaka kumapeto. Kuseka kunandipulumuka. Ndinakubisa m'chikhosomo, koma nditatukula maso ndinapeza achemwali akundiyang'ana kutsidya kwa dzenje.

Nditabwerera ku Limbe ndinapeza makina aja atakonzedwa, filimu ya kankhalamba itatuluka. Pa mafilimu onse amene ndinayankhulira, palibe inagwira moto ngati imeneyo. Oitanira minibasi ankakuwirana kuti, "Aise, m'khwapa mwakomo muli zamoyo!" Amayi ogulitsa tomato ankanyozana nawo mawuwo. Anthu oti sakundidziwa ankandiuza ine mwini wake, n'kundifunsa ngati ndinaionera. Pasanathe sabata ziwiri foni yanga inalira kuti mwalowa uthenga. Unali wa achemwali: "Ndaimva filimu yako. Usadzapondenso pageti pano. Ine mlongo ndilibe."

Ndinaimba, anadula. Ndinaimbanso, anathimitsa foni. Ndinalemba uthenga wautali wofotokoza kuti mawuwo ndinajambula mu Novembala, ngozi isanachitike, abwana ndi mboni. Sanayankhe. Ndinene zoona, zimenezi zinandiwawa kuposa mabokosi atatu aja. Akufawo anapita osafuna. Koma awa anali amoyo, ali pamtunda woyenda wapansi, ndipo anali munthu yekhayo padziko lonse amene ndikanamuuza kuti "kunyumba" iye n'kudziwa nyumba imene ndikunena. Ndikanawataya, ndiye kuti ngozi ija inapha anayi.

Ndinakhala pansi n'kuganiza monga katswiri wa chisoni. Yankho ndinalipeza msanga: achemwali akuona ngati zakufazi sizinandikhudze. Anandiona ndikudya, anandiona ndikuseka kumanda, tsopano andimva ndikunyoza namfedwa mzinda wonse ukuwomba m'manja. Choopsa n'chakuti inenso ndinayamba kudzikayikira. Tulo ndinkagona ngati chipika. Galasi lometera linali bwinobwino. Chachilendo chimene ndinali nacho n'chakuti minibasi sindinkathanso kukwera. Ndikangoika phazi pachitseko, ndinkabwerera m'mbuyo n'kunamizira kuti ndaiwala kanthu. Kuchokera ku Mpingwe kumene ndinkachita lendi mpaka ku Limbe ndinkayenda wapansi, ndipo ndikatumidwa m'tauni ndinkayendanso wapansi, n'kumauza anthu kuti ndikulimbitsa thupi. Tsiku lina ndinatsala pang'ono kumenyana ndi wogulitsa nthochi chifukwa chondipatsa yakuda nsonga. Koma zimenezi sindinaziwerengere m'gulu la chisoni, popeza sindinazionepo pa sikirini.

Masana ena tikupuma ndinawafunsa abwana. Ndinkadziwa kuti anathawa nkhondo kwawo ali mwana, koma mafilimu a nkhondo ankawaonera akutafuna mtedza, osaphethira.

"Abwana, inu abale anu anathera kunkhondo. Bwanji simuchita ngati anthu awa?"

"Ngati ati?"

"Kuswa magalasi, kubisala pansi pa tebulo."

"Galasi n'lodula, mphwanga. Ndipo pansi pa tebulo ili mimbayi singakwane."

"Nanga mumatani?"

Anayamba atafuna mtedza wawo, kenaka anati, "Sindivula nsapato."

Ndinaseka poganiza kuti ndi nthabwala. Patapita masiku m'pamene ndinazindikira kuti pa zaka zonse zimene ndinagwira nawo ntchito, ngakhale mu Okutobala kachipinda katasanduka uvuni, ngakhale akamagona pabenchi masana, sindinaonepo phazi lawo, ndipo zingwe zinkakhala zomanga. Munthu wanzeru akanatolapo phunziro. Ine ndinangoona kuti nsapato sizingandithandize kubweza mlongo wanga, chifukwa palibe angazione. Ndinafuna chisoni chooneka ndi maso, choti achemwali akangondiona mtima uwagwe.

Ndinayamba ndi ndevu. Ndinataya lezala n'kudikira. Kwathu sitili a ndevu, abambo ankameta kamodzi pamwezi mongodzilemekeza. Patatha sabata zitatu ndinaziwerenga pagalasi: zisanu ndi ziwiri. Zinayi kuchibwano, ziwiri tsaya lamanzere, imodzi yokha kumanja, yaitali kuposa zinzake ngati ndiyo kapitawo. Abwana anaziyang'ana n'kufunsa ngati ndinadya chimanga chowotcha osapukuta pakamwa.

Kachiwiri ndinayesa kukana chakudya kuti ndiwonde. Ndinayamba bwino m'mawa, tiyi osamwa. Pofika thu koloko ndinapezeka ndaima pachiwaya ndikuuza mwini wake kuti awonjezere kabichi. Galasi ndinaliyang'ana kangapo chibakera chili chokunga, koma linali la alandilodi. Zokwera phiri n'kukaphunzira karate ndinazisiya, popeza sindinadziwe kuti ndikamenya ndani, mabuleki kapena mapiri a ku Chikwawa.

Chinatsala ndi mvula, ndipo imeneyo ndiye mfumu ya zonse. Palibe mkazi wa mufilimu amene anaonapo mbale wake ataima pamvula pageti, mutu uli pansi, iye osatuluka akuthamanga n'kumukumbatira. Ndinagula chijasi chakuda chofika m'mawondo pa kaunjika, cha munthu wina wamtali wa kudziko lozizira. Loweruka lina mu Febuluwale mitambo itachita bii chakum'mawa, ndinachivala n'kunyamuka wapansi. Mpingwe, Limbe, Chichiri, m'tauni, mpaka Namiwawa. Pa Chichiri dzuwa linatuluka. M'tauni ndinadutsa pakati pa mabanki ndikutuluka nthunzi, anthu akundipatsa njira. Nditafika ku Namiwawa kumwamba kunali mbee. Ndinakhala pansi pa mtengo pakona kudikira mvula kwa maola awiri, ndikupemphera pemphero loti Mulungu ayenera kuti analiseka.

Ku Namiwawa si kwathu kuno koti munthu ungakhale pansi pa mtengo anthu osakulabadira. Kumeneko kuli mipanda yaitali, mageti achitsulo, ndi tiziboo timene alonda amasuzumirapo. Wapansi amadziwika: uyu ndi wa m'dimba wa nyumba yakuti, uyu ndi wolera ana. Wa chijasi chakuda wokhala pakona maola awiri akuyang'ana geti limodzi alinso ndi dzina lake, koma ine sindinaganizeko zimenezo.

Mvula itayamba, inayamba ndi ukali. Ndinathamangira pageti pa mabwana a achemwali, ndinaima pakati penipeni, manja m'matumba, mutu pansi. Madzi ankalowa m'khosi n'kutulukira m'nsapato. Kachiboo ka pageti kanatseguka.

"Achimwene, tikuthandizeni?"

Sindinayankhe. Namfedwa wa mufilimu sayankha.

"Akulu, ndati mukufuna ndani pano?"

Ndinatukula mutu pang'onopang'ono monga ndinaonera, ndinamuyang'ana ndi maso ofiira, n'kuweramanso. Kachiboo kanatsekeka. Ndinaganiza kuti wapita kukaitana achemwali. Chimene ndinamva ndi wezulo. Wina anayankha kumtunda, wina kumunsi, agalu a msewu wonse n'kuyamba. Mageti anatseguka, alonda anayi anandizinga ndi zibonga, mmodzi atavala thumba la pulasitiki kumutu. Ndinayesetsa kusunga ulemu wa chisoni changa, koma chibonga choyamba chitatera pa msana, pakamwa panatseguka pokha.

"Mayo! Musandiphe, akuluakulu! Ndine mlongo wawo wa achemwali a m'nyumbamu!"

Anakawaitana. Anatuluka atavala yunifomu yawo ya buluu, ambulera ili m'manja. Anali atawonda, khosi litatalika, ndipo mtima unandipweteka kuwaona. Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kuchibwano.

"Mayi, mukumudziwa ameneyu?" anafunsa mlonda wa pagetipo.

Anakhala chete nthawi yaitali, yoti abwana anga akanati chimbale chafa. Kenaka anati, "Ndikumudziwa. N'chitsiru cha kwathu."

Zikanathera pomwepo zikanakhala bwino. Koma wa thumba kumutu uja anali akundiyang'anitsitsa chikuwireni changa chija. Mwadzidzidzi anamenya chibonga pansi. "Aaa! Mawu amenewa ndawadziwa! Amangwetu, awa ndi a m'khwapa aja! Bigi, tanenani kamodzi kokha, chonde. Akufa apumula, kenaka chiyani?" Onse anayi anayamba kuseka, wondimenya uja akundigwira chanza ndi manja awiri. Ndikanakonda chibonga china kusiyana ndi zimenezo. Achemwali anatembenuka n'kubwerera m'kati, koma geti analisiya chotsegula, ndiye ndinalowa.

Mabwana awo anali atachoka. Achemwali anandilowetsa m'kachipinda kawo kuseri kwa nyumba yaikulu, n'kundiponyera chitenje. "Vula zimenezo, ukundinyowetsera pansi." Ndinadzikulunga chitenje cha maluwa mpaka m'khwapa n'kukhala pa kampando. Anandiikira tiyi ndi buledi. Ndinakumbukira ndondomeko, ndinakankha mbaleyo pang'ono ndi nsonga za zala, n'kuyang'ana kumbali. Nthawi yomweyo m'mimba munalira mokweza ngati njinga yamoto.

"Idya, usandinyanse," anatero. "Nanga zapachibwanozo n'chiyani?"

"Ndevu."

"Za chiyani?"

"Za chisoni, achemwali."

Anatseka maso ngati munthu amene mutu wamuyamba. Ine ndinadya buledi yense. Nditameza chomaliza ndinayamba mlandu wanga: kuti filimu ija ndinajambula mu Novembala, kuti makina anawonongeka, kuti sindikanaseka namfedwa ine ndili namfedwa, kuti kumanda kuja inali nyimbo ya mkulu wa mpingo.

"Uthenga wako ndinawerenga," anandidula. "Ukuyesa sinditha kuwerenga? Za Novembala ndikuzidziwa. Kumanda kuja inenso ndinadziluma lilime kuti ndisaseke."

"Nanga ndalakwa chiyani?"

"Mawu aja ndi a ndani?"

"Ndi anga. Ndinapeka ndekha."

"Sindikunena zonenazo. Ndikunena liwu. Kankhalamba kako kaja kakuyankhula ndi liwu la ndani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, koma ndinayamba ndakamva kankhalambako m'mutu. Kukhosomola pang'ono kasanayambe kukalipa. "Iweee" wokoka uja, wokwera kumapeto. Kutsonya pakati pa mawu. Zaka zonsezo, nkhalamba iliyonse ya ku China ndi ku India imene ndinaiyankhulira ndinkaipatsa liwu la amayi, osadziwa n'komwe. Ndilo liwu lokalipa limene ndinali nalo m'thupi.

"Ndinali ndikuyanika zovala apo," anatero achemwali akuloza panja. "Sabata zitatu chiwaikireni m'manda. Ndinangomva kuseri kwa mpanda, 'Iweee!' Ndinataya beseni. Ndinatuluka pageti opanda nsapato, ndikuthamanga mumsewu ngati wamisala, ndikuitana amayi. Ndinapeza alonda atazungulira kawailesi ka zimbale, akuseka. Amayi anga ali m'kabokosi, akuseketsa alonda."

Ndinachita manyazi ndi chijasi chija, ndi mvula, ndi ndevu zonse zisanu ndi ziwiri. Mwezi wathunthu ndinali kalikiliki kukonza chisoni choonetsa, osafunsa n'kamodzi komwe kuti chawo chikuwadya pati.

"Ndinakwiya, inde," anapitiriza. "Koma chinandikwiyitsa kwambiri n'chakuti ndinakondwa. Pothamanga paja ndinati Mulungu wandipatsa mpata."

"Mpata wa chiyani?"

Anakhala pabedi n'kuyamba kupinda m'mphepete mwa epuloni yawo. Anandiuza zimene anali asanauzepo munthu. Dzulo lake la ulendo uja amayi anabwera pageti lomwelo, wapansi kuchokera m'tauni, kudzawapempha kuti apite nawo kumudzi. Ananyamula jumbo ya milamba youma yoti awasiyire. Tsikulo m'nyumba munali alendo, magalimoto ali mbwee pabwalo, adona akukalipa za matambula. Achemwali anatuluka atatopa, ndipo sanawalowetse amayi ngakhale kuti amwe madzi. Anawauza kuti tchuthi sichipemphedwa pageti, ndiponso kuti asamabwere ndi nsomba zonunkha kunyumba za anthu, akuwachititsa manyazi. Amayi anangonyamula jumbo yawo n'kubwerera.

"Mawu anga omaliza kwa mayi wondibala ndi amenewo," anatero. "Nsomba zonunkha."

Mvula inali itachepa, ikungodontha pa malata. Achemwali anapukuta m'maso ndi epuloni, kenaka anandiyang'ana mwaukali ngati ndawabera kanthu.

"Tembenuka. Yang'ana kukhoma."

"Achemwali?"

"Ndati yang'ana kukhoma, ndisaone nkhope yakoyo ndi tindevu take. Unawayankhulitsa kwa alonda. Lero ayankhule kwa ine."

Ndinachita mantha kuposa pa zibonga paja. Ndinatembenuza kampando n'kuyang'ana khoma, pamene panali kalendala yakale ndi msomali wopachikapo ambulera. Kumbuyo kwanga ndinamva mawondo akugunda pa simenti. Anagwada, monga ankagwadira popereka madzi kwa amayi.

"Amayi," anatero ndi liwu laling'ono, la mwana. "Amayi, pepani za nsomba zija."

Malo ngati amenewa ndinawayankhulirapo kambirimbiri. Kumalira zeze, mayi amatuluka m'kuwala atavala zoyera n'kunena kuti mwana wanga ndakukhululukira, ndimakukonda. Mawuwo anali okonzeka pa lilime. Koma amayi athu sananenepo zoterozo moyo wawo wonse, ndipo achemwali akanadziwa pomwepo kuti ndi ine. Komanso ndinali ndi china chimene iwo sankachidziwa. Madzulo a tsiku limenelo ndinadya kwa makolo ku Bangwe kumene ankakhala, ndipo ndiwo zake zinali milamba yomweyo. Ndinamva ndi makutu anga zimene amayi anauza abambo.

Ndinakhosomola pang'ono. Zotsalazo zinabwera zokha.

"Iweee! Ukulirira nsomba? Nsomba zija tinadya ndi abambo ako, zinali zonona, waluza ndiwe. Ine ndinawauza abambo ako kuti mwana uja watopa, akumugwiritsa ntchito ngati bulu, maso alowa m'kati. Ndinati pobwera ku Nsanje ndimutengera zina, ndikamupatsira kuseri adona akewo asaone. Ndiye dzuka apo, ukudetsa yunifomu ya eni ake. Nyatwa zanji zimenezi!"

Kumbuyo kwanga kunamveka phokoso loti sindinadziwe ngati n'kuseka kapena kulira, ndipo ndikhulupirira zinali zonse ziwiri.

"Munatero, amayi? Munaterodi?"

"Ndiname chifukwa chiyani, ukundidyetsa ndiwe? Ndipo mlongo wakoyu uzimuyang'anira. Taona wasanduka chiyani, akuyenda m'tauni ngati mleme."

"Samva ameneyu, amayi. Mukumudziwa."

"Samva, koma ndi wako. Uli ndi wina?"

Funso limenelo sindinalikonze, ndipo litatuluka linatilasa tonse awiri. Achemwali anakwawa ndi mawondo n'kundigwira kumsana, pomwe panatera chibonga paja, nkhope yawo ataikanikiza pa chitenje. Analira nthawi yaitali, ine ndili chiyang'anire kalendala. Atatopa anafunsa motsitsa mawu, akadali chigwirire, ngati amayi anganeneko kena, kalikonse, ngakhale kukalipa.

Ndinakhosomola. Ndinakoka mpweya kuti ndiyambe "iweee" uja. Koma chimene chinatuluka sichinali cha amayi, kapena cha nkhalamba ya ku China. Linali liwu langa, lonyansa, losweka ngati la tambala wongoyamba kulira, ndipo linkaitana amayi, abambo ndi mzime wathu mmodzimmodzi. Ndinayesa kulibweza, linakana.

Achemwali anadzuka, anatembenuza kampando ndi ine ndemwe, n'kuika mutu wanga pa epuloni yawo.

"Basi, asiye apume," anatero. "Lira iweyo tsopano, mlongo wanga. Ndilipo."